Mmene Tingajambulire Khoma Lokumbukira Asilikali Athu Akunyamuka Kupita Kunkhondo

Aliyense wolowa m'tauni ya Mangochi amaiona nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, imene yaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera mu sitima ya Guendolen, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mfumukazi ya kutsidya ili ndi nsanja yake, sitima ili ndi mfuti yake. Nanga anyamata a kwa Mponda, kwa Makanjira, kwa Jalasi ndi kwa Chimwala amene anatsanzika makolo n'kupita kunkhondo, ena osabwerako, mwana wa sukulu tingamulozere pati kuti awaone? Chithunzi cha pakhoma chingathe kugwira ntchito imeneyi, ndipo sichidya ndalama ngati chipilala cha miyala. Chimafuna khoma labwino, penti yoyenera, wojambula wodziwa ntchito yake ndi anthu odekha pofufuza mbiri. Malangizo awa ndalembera gulu lililonse lofuna kuyesa: sukulu, kalabu ya achinyamata, komiti ya chitukuko ya m'dera kapena mabanja a asilikali akale.

Choyamba, sankhani ulendo umodzi

Musanagule ngakhale bulashi, gwirizanani kuti mukujambula kunyamuka kwa ndani, kwa chaka chiti. Asilikali a dziko lino anyamukapo kangapo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ija agogo ankati ya Chiwaya, asilikali a gulu la King's African Rifles (KAR), amene anthu ankawatchula kuti a Keyala, anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, kenako n'kuwatsatira m'dziko limene lero ndi Tanzania mpaka kulowa m'Mozambique. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anafika ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi ku Burma. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwa ku Malaya. M'zaka zaposachedwa ana athu a Malawi Defence Force akhala akupita ku DRC kukasungitsa mtendere, ndipo n'komwe msilikali wathu Chancy Chitete anafera mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Bungwe la United Nations linalemekeza Chitete ndi mendulo chaka chotsatira.

Maulendo onsewa ndi oyenera khoma, koma musawaunjike pamodzi. Mukasakaniza kabudula wa Keyala ndi yunifomu ya lero, sitima ya nkhuni ndi ndege, woona sadziwa poyambira ndipo amangodutsa. Ine ndingalangize kuti khoma loyamba la ku Mangochi likhale la nkhondo ya 1914, chifukwa nkhondo imeneyi inadutsa pakhomo pathu penipeni. Nthawi imeneyo boma lino linkatchedwa Fort Johnston, ndipo ndilo linali khomo lolowera panyanja. Asilikali, mfuti ndi matumba a chakudya zopita kumpoto zinkakwera sitima kuno. Guendolen ija, mu Ogasiti 1914, inapita ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'Tanzania, n'kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda pamene ankaikonza. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya amishoni, inatengedwa kuti izinyamula asilikali.

Mukasankha nkhondo imeneyi, chonde musaiwale amtengatenga. Amuna a dziko lino amene anagwira mfuti analipo pafupifupi 19,000, koma amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu anayandikira 200,000. Ambiri mwa iwo sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi, ena usiku, ndipo mafumu ankaumirizidwa kupereka anthu. Ankayenda mitunda yaitali atasenza makilogalamu oposa 20, chakudya chili chochepa, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, malungo ndi chibayo, osati ndi chipolopolo. Nkhani ya kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya eni ake ndiyo inamuwawa John Chilembwe mpaka kulemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Khoma loonetsa asilikali okhaokha akuguba mokondwa lidzakhala lokongola, koma lidzanena theka la zimene zinachitika. Mabanja ambiri a kuno, mukafufuza, agogo awo anali mumzere wa osenza katundu.

Chachiwiri, pitani kwa eni mbiri

Gawo ili ndilo limatenga nthawi kuposa ena onse, ndipo ndi limene ambiri amalidumpha. Yambirani kwa amfumu, muwafotokozere cholinga chanu, iwo ndiwo akulozereni makomo amene munali asilikali. Popita kwa agogo musanyamule mndandanda wa mafunso ngati kalembera. Khalani pamphasa, mulonjerane bwinobwino, ndipo ngati iwo amamasuka m'Chiyao pitani ndi munthu wolankhula Chiyao chenicheni. Funso limene limatsegula pakamwa si lakuti "Anamenya nkhondo iti?" Funsani kuti: "Agogo, tsiku limene bambo anu ankanyamuka, munamva kuti kunali bwanji pakhomo pano? Anawaperekeza ndani? Anatenga chiyani?" Mayankho ake ndiwo adzakupatseni zojambula: kamba womangidwa m'kansalu, chithumwa cha pamkono, mayi ataima pansi pa mtengo wa mango osafuna kufika kudoko.

Pemphani kuona zimene anasunga. M'masutikesi akale mumapezeka mamendulo, timabuku ta usilikali, mabatani, nthawi zina chithunzi. Jambulani ndi foni pomwepo, zinthuzo muzisiye m'manja mwa eni ake. Musabwereke mendulo ya munthu, ngakhale akukakamizeni, chifukwa ikatayika mulibe chobweza. Lembani dzina la msilikaliyo mmene banja likulitchulira, mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo funsani mosabisa ngati akulola kuti dzinalo kapena nkhopeyo ikaoneke pakhoma pamsewu. Wokana musamunyengerere.

Zimene mwamva m'midzi muziyerekeze ndi zosungidwa. Ku Lake Malawi Museum pa boma pompa kuli chifanizo cha mbali ina ya Guendolen, wojambula wanu akachione ndi maso asanajambule sitima ya m'mutu mwake. Ku Zomba kuli National Archives ndi nsanja yokumbukira a Keyala, ndipo ku Mandala House mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi imene imasunga zithunzi zakale. A bungwe la asilikali opuma la VELOM nawonso afikireni. Zovala muzitsatire mosamala, poti msilikali wakale akaona cholakwika pa yunifomu saonanso china chilichonse pakhomapo. A Keyala a nthawi ya 1914 ankavala kabudula wa khaki, juzi, ndi nsalu zokulunga kuchokera m'kakolo kufika m'munsi mwa bondo. Ambiri ankayenda opanda nsapato. Pa perete magulu a ku Nyasaland ankadziwika ndi kofia yaitali yakuda, pamene a maiko ena ankavala yofiira. Chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi ndi cha nkhondo yachiwiri, musachiveke munthu wa 1914.

Chachitatu, pezani khoma ndi chilolezo

Dzuwa la ku Mangochi silichitira chisoni penti. Khoma loyang'ana kumadzulo limawotchedwa masana onse ndipo mitundu imafwifwa msanga. Loyang'ana kummwera ndilo labwino kwambiri, chifukwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu ndipo khomalo limakhala mumthunzi. Ngati lili ndi denga lotulukira pang'ono loteteza madzi a mvula, mwapeza. Liyang'aneninso m'munsi: mukaona zoyera ngati mchere zikutuluka mu pulasitala, kapena ndere zobiriwira, ndiye kuti khomalo limakoka chinyontho pansi, ndipo penti idzasupuka ngati khungu la njoka mvula yoyamba ikangotha. Gogodani pulasitala ndi chigwiriro cha sikuludilaiva. Pamene pakulira ngati mkati muli mphako, pulasitalayo yalekana ndi njerwa ndipo iyenera kugumulidwa. Imani patali mamita 10 kapena 15 muone ngati munthu angaone khoma lonse popanda kuima pakati pa msewu pamene pamadutsa akabaza.

Chilolezo cha mwini khoma chikhale cholembedwa, ndipo chinene kuti sadzafufuta chithunzicho kapena kulembapo malonda kwa zaka zimene mwagwirizana. Kenako pitani kukhonsolo ndi chithunzi cha papepala. Nsanja ya wotchi, manda a asilikali ndi nyumba zakale zotetezedwa musazikhudze ndi penti, zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona zipilala ndi zinthu zakale. Ngati mwasankha kujambula asilikali a lero ndi zizindikiro zawo, kapempheni kaye maganizo a akuluakulu a Malawi Defence Force.

Palinso nkhani ina yofunika kuno kwathu. Anthu ambiri a Mangochi ndi Asilamu, ndipo alipo amene samasuka ndi zithunzi za anthu pafupi ndi malo opemphererapo. Musasankhe khoma la mzikiti, loyandikana nawo kapena la madrasa. Kakhaleni pansi ndi mashehe ndi abusa a m'deralo ntchito isanayambe, muwaonetse pepala lanu. Ambiri mwa a Keyala oyambirira anali Ayao, kotero mbiri imeneyi ndi ya m'mabanja mwawo momwe, ndipo akafunsidwa mwaulemu amakhala oyamba kupereka mayina. Nkhope ya wandale kapena chizindikiro cha chipani zisapezeke pakhomapo, ngakhale wandaleyo ndiye wagula penti.

Chachinayi, malizani chithunzi papepala

Yezani khoma, ndipo pepala likhale ndi muyeso wofanana nalo. Tiyerekeze kuti khoma ndi la mamita 6 m'litali ndi mamita 3 kutalika. Pepala lanu likhale la masentimita 60 ndi 30. Zonse zokangana zithere papepalapo, chifukwa kufufuta pensulo n'kwaulere pamene kufufuta penti n'kogula.

Kunyamuka kumaoneka bwino anthu akamalowera mbali imodzi. Ikani mudzi kumanzere, madzi ndi sitima kumanja, mzere wa amuna ukuyenda pakati. Kutsogolo asilikali ochepa ndi mfuti zawo, pambuyo pawo amtengatenga ndi mabokosi ndi matumba pamutu, mzerewo ukunka nuchepa mpaka kukafika pa sitima. Koma mtima wa chithunzi usakhale pa mfuti. Sankhani anthu awiri kapena atatu amene adzakhale aakulu kuposa onse, oposa msinkhu wa munthu weniweni pang'ono: mwina mnyamata amene wacheuka, ndi mayi wobereka mwana amene wagwira mkono wake, kapena nkhalamba ikumupatsira kamba. Otsala nawonso anamenya nkhondo yawo. Amuna atachoka minda inalimidwa ndi amayi ndi ana, njala inalowa m'midzi yambiri, ndipo chimfine choopsa cha 1918 chinadzapeza anthu atafooka kale. Perekani gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma kwa otsalawa.

Malo aoneke kuti ndi kuno: mtsinje wa Shire ndi mabango ake, migwalangwa, mlambe, bwato la msodzi, mapiri a kutsidya chakummawa. Mlatho wa lero musauikemo, kunalibe. Nkhope muzitenge kwa anthu enieni. Ngati banja lilibe chithunzi cha agogo awo, pemphani mdzukulu wofanana nawo aime, mumuveke chofanana ndi yunifomu, mumujambule ndi foni. Magazi ndi mitembo zisakhalepo. Tsiku limene mukujambula ndi lonyamuka, ndipo pakhomapo padzadutsa ana tsiku ndi tsiku. Pepalalo likatha, liikeni poyera kwa sabata imodzi kapena ziwiri, anthu anene zimene akuona. Mudzamva zinthu zoti simunaziganizire, monga kamangidwe ka nsalu ka amayi a nthawi imeneyo.

Chachisanu, konzani khoma

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Palani penti yakale yonse yosupuka ndi chopalira ndi bulashi ya waya. Ngati khomalo linapakidwa laimu, achoke yense mpaka pulasitala ioneke, chifukwa penti sigwira pa laimu. Tsekani ming'alu, kwechani ndi sandipepala, tsukani ndi madzi, lisiyeni liume masiku awiri kapena atatu. Pamene mwaika pulasitala yatsopano dikirani masiku 28. Simenti yaiwisi imadya mtundu wa penti kuchokera mkati.

Pakani pulaima ya pa pulasitala, kenako penti yoyera ya panja kawiri. Lita imodzi imakwana pafupifupi masikweya mita 8 popaka kamodzi, pocheperapo ngati khoma ndi lokhakhala. Khoma lathu lija ndi la masikweya mita 18, ndiye chitini cha malita 5 cha pulaima n'chokwanira, china cha malita 5 cha yoyera. M'munsi siyani lamba wa masentimita 50 wopaka mtundu wakuda kapena wodera, kuti matope odumpha nthawi ya dzinja asafike pachithunzi.

Chachisanu ndi chimodzi, samutsani chithunzi

Papepala jambulani mabokosi a masentimita 5, pakhoma a masentimita 50. Mupeza mabokosi 12 chopingasa ndi 6 chotsika, onse pamodzi 72. Mizere ya pakhoma imawongoka mukapaka choko pa chingwe, anthu awiri n'kuchikoka mbali ndi mbali, wachitatu n'kuchikweza pakati n'kuchisiya chimenye khoma. Gwiritsani levulo ya amisiri omanga pa mzere woyamba. Lembani manambala m'mabokosi onse, papepala ndi pakhoma, kenako koperani bokosi limodzi limodzi ndi choko. Amene angabwereke pulojekita angathe kuunikira chithunzicho pakhoma usiku n'kutsatira mizere, koma mabokosi safuna magetsi. Mukamaliza tsikani, imani patali, muone ngati mitu ndi manja zili pa muyeso wake. Munthu wamkulu woimirira amakhala wotalika pafupifupi mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka. Mukakhutira, tsatirani mizere ya choko ndi penti yodera yosungunula kwambiri kuti mphepo ya mwera isaifufute.

Chachisanu ndi chiwiri, pakani mitundu

Gulani penti ya madzi ya akiliriki yolembedwa kuti ndi ya panja. Penti ya mafuta yonyezimira ija ya pa zitseko imawala ndi dzuwa mpaka chithunzi osaoneka, ndipo imang'ambika ikakalamba. Penti yotchipa ya m'nyumba isayandikire n'komwe. Simufunika mitundu yambiri: yoyera, yakuda, yabuluu, yachikasu chodera ngati dothi, yofiira ngati katondo ndi yabulawuni. Mitundu ya dothi imeneyi ndiyo imapirira dzuwa, pamene kufiira kowala ndi chikasu chowala zimayamba kufwifwa. Mwayi wake, khaki, fumbi, khungu ndi udzu wouma zonse zimachokera m'mitundu yopirirayo.

Sakanizani mtundu uliwonse wokwanira ntchito yonse, muusunge m'chigubu chotseka bwino, ndipo lembani m'kope kuti mwathira makapu angati a uwu ndi angati a uwo. Yambani ndi zakutali: thambo, mapiri, madzi, kenako mitengo ndi sitima, anthu pomalizira. Gwirani kuchokera pamwamba kutsika kuti madontho asaononge zomalizidwa. Malo aakulu pakani ndi rola, ndipo apa ndi pamene ana a sukulu ndi achinyamata angathandize, aliyense bokosi lake ndi mtundu wake. Mwana amene wapakapo dzanja lake sadzalola mnzake kulembapo ndi makala. Nkhope ndi manja zisiyireni wojambula mmodzi kuti zifanane kalembedwe.

Khungu la munthu wakuda musalipake ndi penti yakuda. Yambani ndi bulawuni, onjezani kufiira ndi chikasu pamene pakugwa kuwala, monga pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo m'mithunzi thirani kabuluu pang'ono. Sankhani mbali imodzi kumene dzuwa la m'chithunzi likuchokera ndipo mithunzi yonse imvere mbali imeneyo. Mukajambula ulendo woyamba m'mawa, kuwala kochokera kummawa, kumene kuli madzi, kumagwa bwino pankhope za onyamuka.

Yambani ntchito kukangocha, mupume dzuwa likafika pakhoma. Khoma lotentha limaumitsa penti isanagwire, ndipo tsiku la mwera wamphamvu fumbi limamatirira pa penti yaiwisi, bola kungotsuka mabulashi n'kudikira. Pamwamba gwirani mutaima pa nsanja yomangidwa bwino ya matabwa ochindikala, osati pa migolo yosanjikiza, ndipo yang'anani kumene kwadutsa mawaya a magetsi musanaimike makwerero achitsulo.

Mawu ndi mayina

Mawu akhale ochepa: zaka za nkhondo, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti awa ndani, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chiyaocho chilembedwe ndi kuonedwanso ndi eni chilankhulo. Zilembo zoti ziwerengeke kuchokera pamsewu zisachepere masentimita 10. Mayina aikeni pambali, pa gawo lawolawo, motsatira midzi kapena mafumu, msilikali ndi mtengatenga mumndandanda umodzi ndi zilembo zofanana kukula. Dzina lililonse libwerere kubanja kuti alivomereze lisanakwere pakhoma, ndipo lembani ndi choko kaye. Siyani malo opanda kanthu m'munsi mwa mndandanda, chifukwa khoma likangoonekera mabanja ena amene anali chete adzabwera ndi mayina awo.

Kuteteza, kutsegulira ndi kusamala

Penti ikauma kwa sabata imodzi, pakani vanishi ya madzi ya panja, yosanyezimira, yoteteza ku dzuwa, kawiri mopyapyala. Iyeseni kaye pakona, poti vanishi ya matabwa imasanduka yachikasu ndipo ingaononge ntchito yonse. Mukayamba mu Meyi kapena Juni mudzakhala mutamaliza nthawi yabwino kuti mutsegulire khomalo Lamlungu lachiwiri la Novembala, tsiku limene dziko limakumbukira asilikali amene anafa pankhondo. Mipando ya kutsogolo ikhale ya asilikali opuma ndi mabanja amene anapereka mayina. Mapemphero atsogolere shehe ndi mbusa, mayina onse awerengedwe mokweza, ndipo itanani gulu la beni, gule amene mayendedwe ake ndi zovala zake zinachokera ku perete ya asilikali omwewa.

Tsiku lomwelo lengezani amene adzasamale khomalo, kaya ndi komiti ya sukulu kapena ya msika, ndipo muwapatse kope lija la kasakanizidwe ka mitundu, pepala la chithunzi, mndandanda wa mayina ndi penti yotsala yotsekedwa bwino. Chaka chilichonse mvula ikatha atsuke khomalo ndi madzi, sopo wochepa ndi nsalu yofewa, achotse udzu ndi njira za chiswe m'munsi, ndipo mng'alu uliwonse autseke usanamwe madzi a dzinja lotsatira. Vanishi ipakidwenso pakapita zaka zitatu kapena zinayi, kapena msanga ngati mtundu wa thambo ndi wa madzi wayamba kutuwa.